Mapiko Anali a Nsalu

Hashim ankasema ziboliboli m'mphepete mwa msewu wopita ku Senga Bay, pansi pa chisakasa chimene ankagawana ndi anzake atatu. Anzakewo ankasema mvuu, mipando ndi mabawo, koma iye ankadziwika ndi tigalimoto ndi tindege. Tindege take tinali ta mapiko osanjikana, ena pamwamba ena pansi, tosalala ndiponso towala ndi polishi. Alendo a m'maloji ankatikonda poti tinkakwana m'chikwama.

Lachiwiri lina m'mawa, akabaza awiri anaima patsogolo pa chisakasacho. Pa njinga yoyamba panatsika a Charity, aphunzitsi a ku Salima boma amene anagula kandege Loweruka lapitalo. Pa yachiwiri panatsika bambo achikulire aatali, atavala jekete pa kutentha konseko. A Charity anawagwira mkono n'kuwatsogolera. Maso a bambowo anali otuwa, sankaona.

"Awa ndi bambo anga, a Jailosi," anatero a Charity. "Ndege ija ndinagulira iwowa. Akakamira kuti akumane ndi amene anaisema."

Hashim anawakokera benchi, akuyembekezera kuyamikiridwa. A Jailosi anatulutsa kandegeko m'thumba la pulasitiki n'kuyamba kukapapasa, kuyambira kumphuno mpaka kumchira.

"Luso muli nalo, amisiri," anatero. "Matayala mwakhoza, mchira mwakhoza. Koma mapikowa ndi matabwa. Ndege yotereyi mapiko ake anali a nsalu."

"Nsalu, agogo? Pa ndege?"

"Nsalu. Ndinkaisoka ndine."

Hashim anaika pansi mpeni wake. A Jailosi anafotokoza kuti ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali telala wa pakhonde la sitolo. Kenako anawalemba ntchito pa esiteti ina ya fodya, imene mwini wake anali ndi ndege yakale ya mapiko osanjikana. Mkati mwa phiko munali nthiti zamitengo zopyapyala. Pamwamba pake ankayala nsalu, n'kuisokerera pa nthiti iliyonse ndi singano yaitali ngati mkono, kenako n'kupaka mankhwala onunkha amene ankaikunga ngati chikopa cha ng'oma. Anagwira ntchitoyo zaka zisanu ndi ziwiri. Ndegeyo sanaikwerepo ngakhale kamodzi.

A Charity anamukokera Hashim pambali. "Chiyambire vuto la masoli, bambo amangokhala duu pakhonde," ananong'ona. "Koma kuyambira Loweruka sakutseka pakamwa. Ngati n'zotheka, apangireni ina imene zala zawo zingaizindikire."

Hashim anavomera msanga, poganiza kuti ndi ntchito ya masiku awiri.

Anayamba ndi mpeni. Anasema mapiko atsopano a mtengo wa malaina, n'kujambulapo timizere topingasa kuti tifanane ndi ulusi wa nsalu. Atatha anatsinzina n'kuyendetsapo chala, monga ankachitira a Jailosi. Zinkamveka ngati tupa. Anaponya mapikowo mu mulu wa zinyenyeswa.

Ndiye anaganiza kuti ngati anali a nsalu, aikepo nsalu yeniyeni. Anatola chidutswa cha chitenje pansi pa makina a mkazi wake Nafisa, amene ankasoka zovala pakhonde la nyumba yawo. Anachimata pa mapiko ndi guluu, n'kupaka penti yotuwa. Kwa maso zinkaoneka bwino ndithu. Anzake a pa chisakasa anati wakhoza. Lachisanu atatuluka mu mzikiti anakwera minibasi mpaka ku boma, nafunsira nyumba ya a Charity.

A Jailosi anali pa mpando wa ndalema pakhonde. Analandira kandegeko ndi manja awiri. Chala chawo chinayenda pa phiko kamodzi kokha.

"Mwaifunditsa bulangete," anatero, mosafuna kunyoza.

Hashim anayang'ananso kandegeko. Zaka makumi awiri akusema, palibe amene anamubwezerapo katundu kawiri.

"Munanena nokha kuti inali nsalu, agogo."

"Inali nsalu, inde. Koma ikamwa mankhwala aja inkasalala. Ulusi wake unkaumva patali, ngati kuti ukubisala. Chimene dzanja linkamva kwambiri ndi nthiti. Pa nthiti pamatukuka, pakati pa nthiti pamalowa pang'ono. Bweretsani dzanja." Anagwira chala cha Hashim n'kuchiyendetsa kuseri kwa dzanja lawo lowonda, pamene khungu linkakwera pa mafupa n'kutsika pakati pake. "Choncho. Ndipo pa nthiti iliyonse pamakhala mfundo zanga, mzere wonse."

Hashim anabwerera kunyanja. Kwa masiku atatu kandegeko kanakhala pa windo osakagwira. Anasema tigalimoto tiwiri, koma mtima sunali pamenepo.

Tsiku lachinayi Nafisa anakatenga, nakazunguliza m'manja.

"Bambo a Zahra, ichi si chitenje cha Mayi Bilali chimene ndinkachifuna chija?"

"Kanali kachidutswa chabe."

"Kachidutswako ndikanapangira thumba la diresi." Anakanda phikolo ndi chikhadabo. "Koma vuto lanu ndaliona. Ndege mwaichepetsa, nsalu simunaichepetse. Pa kandege aka, ulusi wa chitenje uli ngati chingwe chomangira bwato."

Hashim anafuna kuyankha kuti iye salowerera za madiresi, koma anaona kuti mkazi wake akunena zoona.

"Nanga nsalu yaing'ono chotero ndiipeza kuti?"

Nafisa analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpango wake wakale wakumutu, wopyapyala moti ankaonera dzuwa mkati mwake. Anati nthawi ina anatsamira khoma lopaka kumene penti kwa mchemwali wake, ndipo pochoka, mpangowo unasiya chidindo cha ulusi wake pakhomapo.

"Musaumate. Ungopsompsona penti n'kuchoka."

Anayamba ntchito pamodzi, koyamba chikwatiranire. Hashim anasema mapiko ena. Analemba mizere ya nthiti ndi pensulo, n'kupala pakati pa mizereyo ndi chidutswa cha galasi, pang'onopang'ono, mpaka panalowa mosaoneka ndi maso koma momveka ndi chala. Za penti anayesera kaye pa timatabwa totsala. Akayala mpango penti ili yaiwisi, zonse zinkapakika. Akachedwa, mpango sunkasiya kanthu. Atawononga timatabwa khumi ndi tiwiri anapeza nthawi yake: kupaka, kumwa kapu ya tiyi mosafulumira, kuyala mpango, kuusisita ndi chala chachikulu, kenako Nafisa n'kuusenda kuchokera kumapeto osapumira.

Tsiku limene anapaka mapiko enieni kunawomba mwera, ndipo mchenga unagwera pa penti. Anapala zonse n'kuyambiranso m'chipinda, mawindo atatseka. Penti itauma, Nafisa anatenga singano, naviika nsonga yake mu guluu, nadontheza timadontho motsatira nthiti iliyonse m'malo mwa mfundo. Zinamutengera masana awiri, ndipo madiresi a anthu anadikira. Hashim atatenga chitini cha polishi, Nafisa anamugwira dzanja.

"Mukwirira zonse tavutikirazi."

Anachibweza pa shelefu. Aka kanali kandege kake koyamba kosawala.

A Charity anabwera ndi bambo awo Loweruka, kunyumba kwa Hashim. Nafisa anayala mkeka pansi pa mtengo wa mango, koma a Jailosi anapempha mpando chifukwa cha mawondo. Hashim anawaikira kandegeko pamiyendo, mumtima akuti Bismillah.

Chala chinayamba kunsonga kwa phiko lapamwamba. Chinakwera, chinatsika, chinakweranso. Chinaima pa timadontho tija n'kubwerera. A Jailosi anagogoda phikolo ndi chikhadabo, namwetulira.

"Silikulira ngati ng'oma. Koma zimenezo sindingakupempheni." Anapitiriza kupapasa kwa nthawi yaitali. A Charity anayang'ana kumbali, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mfundozi waika ndani?" anafunsa a Jailosi. "Si dzanja la wosema ili."

"Ndine, agogo," anatero Nafisa.

"Telala?"

"Eya."

"Ndinadziwa. Mipata yake ndi yofanana." Anatembenuza kandegeko, nagwira phiko lapansi la kumanzere. "Chasowa chimodzi. Apa panali chigamba."

Anafotokoza kuti tsiku lina mlonda anasiya geti yotsegula, ndipo ng'ombe inalowa pamene pankaima ndegeyo. Inakopeka ndi fungo la mankhwala aja, n'kutafuna nsalu ya phiko malo aakulu ngati chitseko cha kabati. Bwana anafuna kuuluka m'mawa mwake. A Jailosi anasoka chigambacho okha, mofulumira, ndipo mbali imodzi chinapendama.

"Itanyamuka ndinaima pabwalo, maso ali pa chigamba changa. Ndinaopa kuposa munthu amene anali m'mwambayo. Anazungulira katatu, n'kutera. Potsika anangopita kukadya. Koma chigamba chija chinakhala zaka zinayi."

Nafisa anatenga lumo ndi mpango uja. Anadula kachidutswa kochepa ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, nakaika m'dzanja la a Jailosi kuti akayeze.

"Chepetsani mbali iyi," anatero. Nafisa anachepetsa.

Hashim anadontheza guluu pa phiko. Anafuna kukaika yekha kachigambako kuti kawongoke, koma a Jailosi anakana.

"Ingondilozerani pamene pali guluu."

Hashim anagwira chala chawo n'kuchitsogolera. A Jailosi anakanikiza kachigambako, nakapotoza pang'ono kuti kapendame monga kanalili. Anakagwira choncho mpaka guluu atauma, uku akufunsa Nafisa ngati makina ake ndi opalasa ndi phazi kapena opukusa ndi dzanja, ndiponso kumene masiku ano amagula singano zosathyoka.