Mpiru wa Idesi

Idesi adabwera ku Nathenje kuchokera ku Phalombe pamodzi ndi mwamuna wake Isake, kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya. Isake adamwalira chaka cha voti ya matipate, ndipo posakhalitsa esiteti idatsekedwa. Anzawo adabwerera kwawo, koma Idesi adatsala. Adapempha kadimba m'mbali mwa kamtsinje kochokera chaku Mitundu, n'kumalima mpiru wogulitsa pamsika.

Chilimwe china madzi adasintha. Adada bii, thovu likuyandama, fungo ngati la dzira lowola. Timatemba tinkapezeka titafa m'bango. Koma mpiru wa Idesi udakondwa, masamba ake ngati a fodya.

"Ndiwo zonenepa chonchi nyengo ino? Mukuthirira zam'chimbudzi inu!" adatero Esnart, wogulitsa mnzake, msika wonse ukumva.

Ana ena atatsegula m'mimba, nkhaniyo idafala ngati moto wolusa. Anthu ankadutsa pabenchi pake atagwira mphuno. Kutchalitchi ankakhala yekha pafomu, amayi anzake atapanikizana kumbuyo.

M'mawa wina Idesi adanyamuka kutsata mtsinjewo chakumtunda. Dzuwa lili paliwombo adatulukira kuseri kwa Mitundu, pomwe adapeza maiwe akuluakulu ochita kukumba, ozunguliridwa ndi waya wodukaduka. Paipi yochokera m'nyumba za patauni inkakhuthulira zonyansa m'menemo. Khoma la dziwe loyamba lidali litagumuka, zonyansazo zikungolunjika mumtsinje.

Pogumukapo padali bambo wa imvi, atavala majombo, khasu lili m'manja.

"Odi kuno!"

"Fikani, mayi. Mwasochera kodi? Kuno sikubwera anthu."

Dzina lake adali Gilibati, wosamalira maiwewo. Idesi adafotokoza za dimba lake. Bamboyo adamvetsera atazolika.

"Madziwa amayenera kudutsa dziwe ndi dziwe, zolemera zikhale pansi, dzuwa liphe tizilombo, kenako alowe mumtsinje," adatero. "Tidalipo gulu, mayi. Zinthu zitasintha, anzanga adawachotsa ntchito. Ku ofesi akuti ndidikire simenti. Ndikaunjika dothi, madzi amakokolola ndisanabwere ndi lina."

Idesi adali atabwera kudzakalipa. Koma adayang'ana kanyumba ka bamboyo: pakhonde mbale imodzi, kapu imodzi, kawailesi kopanda mabatire.

"Akunyumba ali kuti?"

"Adapita kwawo ku Nkhoma. Adati fungoli lalowa ndi m'zofunda momwe."

Idesi adamanga chitenje m'chiuno. "Matumba muli nawo, bambo?"

Adalipo a fetereza, akale. Idesi ankagwira pakamwa pa thumba, Gilibati akuthira dothi, kenako ankakokerana mpaka pogumuka paja. Idesi adabweranso mawa lake, ndi mkuja, mpaka khomalo lidaima. Tsiku lomaliza bamboyo adatambasula dzanja kuti atsazike, koma adalibweza msanga, kulipukuta pa ovolosi. Idesi adaligwira ndi manja awiri.

Patapita milungu, thovu lidatha. Miyala ya pansi pa mtsinje idayambanso kuoneka, amayi adabwerera kudzachapa. Palibe adafunsa chimene chidachitika. Pamsika mbiri ija sidachoke. Mpiru wa Idesi unkafota pabenchi. Adasamukira kumsewu waukulu, n'kumagulitsa kwa okwera mabasi, anthu osamudziwa.

Mvula yoyamba itagwa, Idesi adapita ku Mitundu ndi mtolo wa mpiru, kuti akauze Gilibati kuti madzi ayera. Adapeza kanyumba kokhoma. Mayi wina wotola nkhuni adamuuza kuti bamboyo adatupa miyendo, ndipo abale adamutengera kumudzi pangolo. Wolowa m'malo adali asanabwere.

Idesi adazungulira maiwe onse. Matumba aja adali chigwirire. Paipi yolowa m'dziwe lachiwiri idali itatsekeka ndi udzu ndi mapepala. Adaika mpiru pansi, n'kutola ndodo, n'kuyamba kutokosa mpaka madzi adayenda. Kenako adasamba m'manja pachithaphwi cha mvula, nauyamba wobwerera dzuwa lisanapendeke.