Sokosi ya pa Chithunzi Nambala 14

Luso anali atakhosomola kwa milungu itatu. Bambo ake, a Amon Kamwendo, ankati vuto ndi kuzizira kwa Mzuzu basi. Iwo anakulira ku Salima, ndipo chiwasamutsireni kuno pa ntchito yaboma, mwezi wa Juni ankadana nawo ngati munthu. Nyumba yawo ya ku Chibanja anaitseka paliponse. Ngakhale timabowo tolowetsa mpweya pamwamba pa khoma anatitseka ndi nsanza, mbaula n'kumayatsira pabalaza.

"Bambo a Luso, utsiwu ukumupweteka mwana," ankatero akazi awo, a Mabel.

"Mwanayu akumva kuzizira. Tsekani chitseko," ankayankha motero, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mwezi womwewo gulu la achinyamata la m'deralo linakonza mpikisano wa zithunzi zojambula pa foni. Mutu wake unali "Utsi". Popeza a Amon ankajambula maukwati Loweruka, anawapempha kuti akhale woweruza pamodzi ndi mayi Rhoda Mkandawire, mlangizi wa zaumoyo. Zithunzizo zinalibe mayina, zinali ndi manambala okha.

Pa tsiku loweruza zithunzizo, a Amon anafika atavala jekete ndi mpango, akuyenda ngati jaji weniweni. Anaona matayala akuyaka, minibasi ikufuka pokwera chitunda, uvuni wa njerwa wa ku Mchengautuwa. Zonsezi anangozipukusira mutu. Atafika pa nambala 14 anawomba m'manja.

"Chithunzi ndi ichi! Taonani mmene kuwala kwadulira utsi. Kamwana kafulatira, mbaula pambali. Wojambulayu ali ndi diso."

"Chiweme chomene," anavomera m'Chitumbuka mayi Mkandawire kuti n'chokongoladi. "Koma adada, utsiwu ukutulukira kuti?"

"Sukutuluka. N'chifukwa chake wakongola chonchi."

"Ndiye kuti ukulowa m'chifuwa cha mwanayu. Komanso makala akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya woipa, wosaoneka ndiponso wosanunkha. Munthu amagona osadzukanso. Taonani pamwambapa, mwini nyumba mpaka watseka bowo ndi sokosi."

A Amon anayandikitsa chithunzicho kumaso. Sokosiyo inali yachikasu, yobooka pachidendene. Anaidziwa bwino, chifukwa anaikankhiramo okha ndi mpini wa tsache. Kenako anazindikira juzi yofiira ya Luso. Thukuta linawatuluka, kuzizira konse kuja kunatha. Anachita manyazi, koma chachikulu anachita mantha.

"Mayi, chithunzi ichi sindingachiweruze," anatero motsitsa mawu. "Nyumbayi ndi yanga. Sokosi ndi yanga. Mwanayu ndi wanga, ndipo akukhosomola."

Mayi Mkandawire anafuna kuseka koma anadzigwira.

"Yewo ponena zoona. Malikisi a chithunzichi ndipereka ine pamodzi ndi wapampando wa gululi. Inu ntchito yanu ili kunyumba. Tsegulani mabowo onse. Mbaula muziyatsira panja kapena pakhonde, ndipo musagone nayo m'nyumba. Mwana akazizidwa muvekeni zofunda. Mawa m'mawa mupite naye kuchipatala akamuyeze chifuwa."

Masana omwewo a Amon anafika kunyumba osavula n'jekete lomwe. Anakwera pampando n'kuyamba kusolola nsanza. Sokosi ija inatuluka itada bii ndi mwaye.

"Ngati sokosi yada chonchi, nanga chifuwa cha mwana wanga?" anadzifunsa mokweza.

A Mabel anaima pakhomo atapinda manja.

"Ndinanena ndi pakamwa, simunamve. Ndiye ndinajambula chithunzi chija, ndinati mwina bambowa amamvera m'maso."

"Mwandigwira, mayi a Luso. Pepani."

Kutacha anapita naye Luso kuchipatala ndipo analandira mankhwala. Mbaula inasamukira pakhonde. Patatha milungu iwiri chifuwa chinaleka, mwana n'kuyambanso kuthamanga pabwalo.

Chithunzi cha a Mabel chinakhala chachiwiri pa mpikisanowo. Pa tsiku lopereka mphoto, a Amon anapempha kuti alankhule. Anatulutsa sokosi ija m'thumba n'kuikweza m'mwamba, anthu anafa nalo phwete. Iwo anadikira mpaka kuseka kutatha.

"Sekani, ndi yanga ndithu. Koma mukafika kwanu muyang'ane pamwamba pa khoma. Kuzizira timathana nako ndi juzi ndi bulangete. Mbaula isayake m'nyumba yotseka, ndipo mwana akakhosomola osasiya, thamangirani naye kuchipatala. Ine ndinatsala pang'ono kupereka malikisi khumi kwa utsi umene unkadwalitsa mwana wanga."