Nsapato za Eni

"Amene alibe nsapato atuluke m'bwalo," anatero a Armando asanaike n'komwe chikwama chawo pansi.

Vitorino, mphunzitsi wa masewera pasukulu ya sekondale ku Insaca, anayamba waseka poyesa ndi nthabwala. Koma mlendoyo sanaseke. Anali munthu wa timu ina yaikulu ya ku Nampula, wotumidwa kuyenda m'masukulu kukaona anyamata oti atengedwe nyengo ya mpira isanayambe. Anachedwa panjira chifukwa cha matope, ndipo chapa, minibasi yobwerera ku Cuamba, inali itayamba kale kudzaza kumsika. Chinyanja ankachidziwa bwino poti anakulira ku Mandimba, koma ankalankhula mwachidule ngati munthu amene watopa ndi kupemphedwa.

"Bambo, ana a kuno amasewera chapansi," anatero Vitorino. "Ena nsapato ali nazo, ena ayi."

"APulofesoli, ku Nampula kulibe wosewera chapansi. Ndikufuna kuona mwana monga mmene adzakhalire kumeneko."

Maso a Vitorino anathamangira kwa Fadili. Mnyamatayo anali ataima pakati pa bwalo, mpira uli pansi pa phazi lake lopanda kanthu. Anali wamfupi, woonda miyendo, wa kalasi yomaliza. Pa zaka zonse zimene Vitorino anaphunzitsa, sanaonepo mwana wogwira mpira ngati iyeyu. Ukafika pamapazi pake unkakhala ngati wapakidwa ulimbo, ndipo ankadziwa kumene mnzake athamangire mwini wakeyo asanaganize.

Pansi pa mtengo wa mango panaima bambo ake, a Bakari, atavala mzuli woyera, dzanja lili pachishalo cha njinga. Anapalasa kuchokera kwawo kunyanja ya Chiuta m'mawa umenewo. Chaka chatha anafuna kumuchotsa sukulu Fadili kuti azithandiza kumaukonde, poti mkulu wake anali atapita ku Joni ndipo iwo msana unali utayamba kuvuta. Anali Vitorino amene anapita yekha ku Chiuta kukawachonderera. "Mundipatse chaka chimodzi chokha," anawauza tsiku limenelo. "Anthu a mpira adzabwera. Akadzamuona sangamusiye." A Bakari anavomera mosafuna, nanena kuti mwanayo akadzakanidwa, nkhani ya mpira ndi sukulu idzathera pomwepo.

Tsopano anthu a mpirawo anali atabwera, ndipo mwanayo analibe nsapato.

Vitorino anazungulira kufunsa. Amene anali nazo anazikakamira, poti aliyense ankafuna kuonedwa. Mapeto ake mnyamata wina wokonza njinga pafupi ndi sukulu anathamangira kwawo n'kubwera ndi zake, zachikopa cholimba, zosongoka kutsogolo. Fadili anakhala pansi n'kuyamba kulimbana nazo. Mapazi ake anali otambalala, ozolowera mchenga ndi bwato.

"Zikukuthina?" anafunsa Vitorino.

"Pang'ono, aPulofesoli."

"Nena zoona."

"Zala zapindika. Koma ndisewera."

Efraimu, mnzake wa m'kalasi, wamtali ngati mlongoti, anawerama n'kumusisita kumutu. "Lero chambo chavala nsapato," anatero, anzake n'kuseka. Fadili nayenso anamwetulira, koma poimirira anayenda ngati munthu woponda minga.

Mpira unayamba. Woyamba umene unamupeza Fadili unadumpha paphazi n'kuthawira kunja. Wachiwiri anaugwira, koma potembenuka anaterereka m'matope n'kugwa chagada. Anthu amene anabwera kudzaonerera anayamba kuyang'anana, chifukwa uyu sanali Fadili amene ankamudziwa. Vitorino anasendera kwa mlendo uja.

"Wamfupi uyo ndi amene ndinakuuzani pafoni. Muloleni avule, ngakhale kanthawi kochepa."

"Ndamuona."

"Simunamuone, bambo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ili ndi nthawi, ine ndilibe," anayankha a Armando akuyang'ana wotchi. "Mawa ndili ku Cuamba, mkuja ku Gurue. Mphunzitsi aliyense ali ndi mwana wake amene sindinamuone bwino."

Nthawi yomweyo mpira unabwera m'mwamba kugolo limene Efraimu ankateteza. Iye analumpha n'kuumenya ndi mutu, ndipo unakagwera kutali. Anachitanso chimodzimodzi kachiwiri. A Armando anatulutsa foni n'kuyamba kumujambula.

Chakumapeto Fadili anachita chinthu chimodzi chofanana ndi iye mwini. Analandira mpira atazunguliridwa, anaudutsitsa pakati pa miyendo ya wina, n'kuuponya mokhota kwa mnzake amene anangotsala ndi wapagolo. Anthu anakuwa. Vitorino anatembenuka msanga, koma anapeza mlendoyo atafulatira bwalo, chala chili kukhutu, akulankhula ndi woyendetsa chapa kuti amusungire malo.

Mlendoyo sanadikire kuti masewero athe. Anaimitsa yekha ndi dzanja, n'kumukokera Vitorino pambali.

"Wamtali uja dzina lake ndani?"

"Efraimu."

"Ameneyo ndimutenga akayesedwe. Andituma anthu a kumbuyo, aatali. Thupi ngati limenelo silipangidwa, limabadwa. Zina tikamuphunzitsa konko."

"Nanga Fadili?"

"Akanakhala ndi msinkhu. Timu yathu ili nawo kale aafupi othamanga, ena tikuwabweza." A Armando anapachika chikwama paphewa. "Ndiuzeni za Efraimu. Inu mumakhala naye. Khalidwe lake n'lotani? Amalimbikira?"

Vitorino ankadziwa kuti Efraimu ankajomba pokonzekera, kuti akatopa ankangoima manja m'chiuno, kuti phazi lake lamanzere linali longoyendera. Mumtima mwake munabwera mawu akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akanawatulutsa, mwina mlendoyo akanapita wopanda aliyense. Koma zimenezo sizikanamuonjezera Fadili msinkhu. Ndipo Efraimu naye anali mwana wa munthu. Mayi ake, a Zodiwa, ankagulitsa mandasi pasiteshoni ya Entre Lagos, ndipo anamulera okha.

"Ndi mwana womvera," anatero Vitorino. "Akapeza womukankha, adzalimbikira."

"Basi. Ndidzaimba foni."

Mlendoyo anagwira Efraimu chanza, anamuuza mawu awiri atatu, n'kukwera njinga yamoto yopita kumsika. Anyamata anamunyamula Efraimu m'mwamba akuimba.

Fadili anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, akuvula nsapato pang'onopang'ono. Zidendene zonse zinali zitasupuka, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chinali chitada ndi magazi. A Bakari anayang'ana mapaziwo.

"Ndiye atero?" anafunsa.

"Atero, bambo," anayankha Vitorino. "Koma sanamuone. Ndikulumbira, zimene mwaona lero si zimene mwanayu amachita. Chaka chamawa kudzabwera ena. Nsapato ndidzamupezera ine, azizolowera."

"APulofesoli, musadzivute. Mvula ikakuona litsiro siikata." Anatero mosakwiya, ngati akunena za nyengo. "Mawu anu ndinawasunga, ndipo chaka chija chatha. Usiku uliwonse ndakhala ndikukoka ukonde ndi mwana wa eni, msana uli moto. Inenso mundisungire anga."

"Mayeso atsala pafupi. Angomaliza kalasi yokhayi."

"Nsomba zikugwidwa mwezi uno. Zikapita sizidikira mayeso."

Vitorino anayang'ana Fadili, kuyembekeza kuti mwina anenapo kanthu, mwina alire, kuti iye apeze pogwira. Koma mnyamatayo anangopukuta matope pansapato zija ndi udzu, anamanga zingwe zake pamodzi, n'kuzipereka ndi manja awiri.

"Mukamuthokozere mwini wake, aPulofesoli. Mumuuze kuti sindinaziononge."

"Fadili, iwe ukufuna chiyani?"

"Baba anena kale," anayankha akuyang'ana pansi.

Poti sakanatha kupalasa ndi mapazi amenewo, anakhala pakaliyala, bambo ake n'kupalasa okha. Njinga inagwedezeka poyamba, kenako inawongoka n'kulowa mumsewu wa ku Chiuta. Vitorino anaima pomwepo mpaka mzuli woyera unabisika kuseri kwa chimanga.

Akutuluka pachipata cha sukulu anakumana ndi a Zodiwa. Wina anali atawaimbira foni, ndipo anasiya mandasi awo ndi mnzawo n'kukwera njinga yamoto. Anafika akupuma mothamanga, nsalu itamasuka, n'kugwada pamsewu pomwepo.

"APulofesoli, ndamva kuti ndinu amene mwamunenera zabwino mwana wanga. Mulungu akudalitseni. Lamulungu ndikupha nkhuku, musakane."

"Dzukani, mayi, mudetsa nsalu," anatero Vitorino akuwagwira dzanja. Anayesetsa kumwetulira mpaka nkhope inamvera. "Mwana wanu wachita yekha. Ndibwera."