Agogo Otsatsa Mafuta

"Pang'onopang'ono chemwali, mapepala amenewo ndi achikulire kuposa mayi anu," anatero mkulu woyang'anira chipinda chowerengera, maso ali pafoni yake.

Pulofesa sanamve n'komwe. Anali atangotembenuza tsamba la magazini yakale, ndipo agogo ake aamuna anali kumuyang'ana uku akumwetulira. Suti inali yomweyo, taye yamadontho yomweyo, seda yake yomweyo kumanzere kwa mutu. Kusiyana kunali kumodzi basi. Pachithunzi cha kunyumba agogowo ankathera pachifuwa, koma pano anali ndi dzanja, ndipo dzanjalo linali litanyamula kabotolo. M'munsi mwake munali zilembo zikuluzikulu: MWAMUNA AMADZIWIKA NDI TSITSI. DZOLANI MAFUTA ATHU.

Anaphulika nako kuseka mpaka mkulu uja anadzutsa mutu.

Upulofesa wake unali wa dzina lokha. Anamutcha choncho ndi mchimwene wake atamaliza maphunziro a mbiri yakale ku yunivesite, ndipo dzinalo linamukanirira poti ntchito yoti imupatse lina inali isanapezeke. Pokhala nthawi anali nayo yambiri, analonjeza bambo ake kuti afufuza komwe kunathera agogo. Agogowo anachoka bambo ake akadali kumsana, kupita kukagwira ntchito padoko m'dziko lina. Chaka choyamba ankatumiza moni, kenako kunangoti zii. Chomwe banja linatsala nacho chinali chithunzi chachikulu cha pabalaza, cha mwamuna wamtali, wa tsitsi lakuda bii, chomwe mayi ankachipukuta Loweruka lililonse.

M'nyumba yosungira zolembedwa zakaleyi Pulofesa anali atapezamo kale dzina la agogo pamndandanda wa anthu amene anakwera sitima chaka chimenecho. Anapezanso madayale, mabuku olembamo zochitika tsiku ndi tsiku, a munthu wina amene ankagona nawo chipinda chimodzi kudoko kuja, omwe ana ake anadzawapereka iye atamwalira. Koma madayalewo anamusokoneza. Dzina linali la agogo, kwawo kunali komweko, koma munthu wofotokozedwayo anali wamfupi ndiponso wadazi. Pulofesa anangojambula masambawo pafoni n'kuwasiya, poganiza kuti ndi munthu wina wa dzina lofanana. Magazini akalewa anawaitanitsa pofuna kudziwa chaka chomwe anthu ankavala suti za mtundu umenewo.

Tsopano zonse zinalumikizana. Mumtima munali kukoma konga komwe ankamva akapeza yankho la samu yomwe yagonetsa kalasi yonse. Linali Lachinayi. Anaganiza zosunga nkhaniyo mpaka Lamlungu, onse akakhalapo.

Lamlungu masana pabalaza panadzaza. Mayi ankathira tiyi. Mchimwene wake, makaniko wa galimoto, anali atatambalala pampando ngati lendi amalipira ndiye. Azakhali, mlongo wawo wamkulu wa bambo, anali atasanjika miyendo yawo yotupa pakampando. Bambo anakhala pamalo pawo, pansi penipeni pa chithunzi chija. Moyo wawo wonse anayendetsa mabasi atakhalira pilo kuti aziona bwino kutsogolo, ndipo tsitsi linawathawa asanakwatire. M'banjamo munali nthabwala yakale yoti iwo anangolandira dzina, msinkhu ndi tsitsi zinakwera sitima.

"Ndili ndi funso," anatero Pulofesa ataimirira pakati. "Wolondola alandira mphoto."

"Mphoto yanji? Digiri yakoyo?" anafunsa mchimwene wake. "Bola undipatse felemu yake."

"Agogo ankagwira ntchito yanji?"

"Padoko, si ndiwe unatiuza?" anayankha mayi.

"Padoko pali ntchito zambiri," anatero bambo akuloza m'mwamba ndi supuni. "Wonyamula matumba savala taye. Amenewa anali a muofesi."

"Azakhali, nanga inu?"

"Ine za mayeso ndinasiya kalekale," anatero azakhali akuuzira tiyi.

"Mwalephera nonse."

Foni anayamba kupatsa mchimwene wake, podziwa kuti ndiye wodziwa kuseka. Sanamukhumudwitse. Anayang'ana foni, n'kuyang'ana pakhoma, n'kuyang'ananso foni, kenako anagwa chagada, tiyi n'kumutayikira pabuluku.

"Mayo ine! Agogo athu ndi a mafuta! Ababa, ndiye osakusiyiraniko botolo limodzi? Taonani mmene mwavutikiramu!"

Mayi anamulanda foniyo akuseka kale. Anawerenga zilembo zija, ndipo kusekako kunawathera pang'onopang'ono. Anafuna kuibisa pansi pa nsalu ya patebulo koma bambo anali atatambasula dzanja.

Anavala magalasi. Poyesa kukulitsa chithunzicho ndi zala zawo zonenepa, chinachoka.

"Chathawa. Tachibweza."

Pulofesa anawerama pambali pawo n'kuchibweza. Bambo anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti anapeza ntchito yojambulidwa," anatero motsitsa. "Munthu wooneka bwino chonchi, akanamusiya bwanji?"

Apa m'pamene Pulofesa akanakhala chete. Koma umboni anali ataukonza kuyambira Lachinayi, ndipo unatuluka wokha, mwadongosolo, ngati pamaso pa aphunzitsi.

"Ayi ababa, sizingatheke. Magaziniyi inasindikizidwa agogo asananyamuke. Komanso munthu yemweyu ndamupeza m'magazini ena, kwina akutsatsa njinga, kwina sopo. Ndiye chithunzi chathuchi wina anachita kudula apa ndi apa kuti kabotoloka kasaoneke, kenako..."

Anadzimva yekha mawu ake akulira m'chipinda chomwe aliyense anali chete. Ngakhale mchimwene wake anali atayamba kupukuta buluku mwachidwi chachikulu.

"Ndi sizasi ya mayi yosokera," anatero azakhali.

Onse anatembenuka. Azakhali anayang'ana bambo.

"Ndinadula ndine. Tinali titangosamukira m'tauni, mayi akuchapa zovala m'nyumba za anthu. Iwe unabwera kuchokera ku sukulu ukulira, anzako akuti ulibe bambo, anachita kukutola. Unakana kudya. Umati ndikuonetse nkhope yawo. Ndikanaitenga kuti? Munthu sanajambulitsepo chibadwire. Ndinatola magazini yomwe mayi anakulungira sopo, ndinadula, n'kumata pakatoni. Mayi pobwera anakupeza wagona utachikumbatira. Anandiyang'ana, ine ndikudikira mbama. Iwo anangotenga msomali n'kuchikhoma pakhoma."

Azakhali anaika kapu pansi.

"Ndinali mwana nanenso. Ndinasankha wokongola. Ndikanadziwa ndikanafuna wamfupi. Utayamba ntchito, n'kupita nacho kwa wojambula kuti achikulitse, ndinatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Chaka chilichonse chimene chinkadutsa, kunenako kunkalemera."

Bambo anavula magalasi, kuwapinda, n'kuwaika m'thumba la malaya. Anabweza foni kwa mwini wake ndi manja awiri, monga amachitira ndi mlendo.

"Zikomo, mwafufuza," anatero, n'kutulukira khomo lakuseri.

Mayi anayamba kusonkhanitsa makapu ngakhale tiyi anali asanathe.

"Zaka zonse zija ku sukulu," anatero osamuyang'ana, "palibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe anakuuza kuti nkhani zina umayamba waitanira munthu pambali?"

"Ndimayesa tiseka."

"Taseka."

Pulofesa anaima pakati pa balaza foni ili m'manja. Mchimwene wake anati akukaona ngati anatseka mawindo a galimoto, chonsecho anabwera wapansi.

Pulofesa anatuluka n'kuwapeza bambo kuseri, atakhala pandowa yovundikira pafupi ndi mpopi, akupukuta nsapato zomwe anali atapukuta kale m'mawa. Pulofesa ananjuta patali pang'ono.

"Ababa, pepani."

"Wanama pati kuti upepese?"

Bulashi inapitirira kuyenda. Bambo anayankhula, maso ali pansapato.

"Ukudziwa chimene ndinkachita ndili mnyamata? Ndinkatenga kagalasi n'kuima pansi pa chithunzi chija. Mphuno ayi. Makutu ayi. Msinkhu ndiye usanene. Anthu akamaseka kuti sindinatengere, nane ndinkaseka. Koma munthu umawerengera wekha. Ndinafika poganiza kuti mwina bambo anachoka chifukwa cha ine. Kuti anandiyang'ana n'kuona kuti si magazi awo."

Anatembenuza nsapato.

"Agogo ako aakazi ndinawasunga mpaka tsiku lawo lomaliza, sanasowe kanthu. Koma analipo masiku omwe ndinkawayankha mokadzula, iwo osadziwa chimene alakwa. Kufunsa sindikanatha. Mayi ako okubala ungawafunse zimenezo? Anapita ndili nalo funsolo m'kamwa. Lero ndikumva kuti ndinkawaweruza ndi munthu wa sopo."

Pulofesa anatsegulanso foni yake. Chinthu chimene chikanayenera kukhala choyamba chinali chikadali m'foni.

"Pali zinanso, ababa."

"Akutsatsanso chiyani?"

"Ayi. Izi ndi za agogo enieni. Munthu amene ankagona nawo chipinda chimodzi ankalemba zochitika tsiku ndi tsiku. Mabuku ake alipo."

Bulashi inaima. Pulofesa anafufuza masamba aja n'kuyamba kuwerenga.

"'Lero mnzanga wa m'chipinda wakwera pabokosi kuti afikire chingwe, gulu lonse kuseka. Iye wati Mulungu anamupanga Loweruka madzulo, dothi litatsala pang'ono. Koma thumba limene ife timagwira awiri, iye amanyamula yekha.'"

Bambo anatulutsa kampweya m'mphuno.

"'Nyale yatha mafuta. Tamuuza mnzathu akhale pakati kuti dazi lake litiunikire.'"

"Dazi?"

"Eya, ababa. Alitchula kambirimbiri."

"Pitiriza."

"'Wagula tinsapato ta mwana wake wamwamuna. Amangotiyeza pachikhatho, akuti sakudziwa kuti phazi lafika pati tsopano. Ndamuuza atumize msanga, ana sadikira.'"

"Tinsapatoto sitinafike," anatero bambo.

"Buku lotsatira mnzawoyo anasamukira doko lina. Sanawatchulenso. Ndikufufuzabe."

Bambo anadutsitsa chikhatho pamutu pawo, kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo, pang'onopang'ono. M'nyumba munkamveka makapu akugundana m'beseni, ndi azakhali akumina.

"Zimenezi unazipeza liti?"

"Mwezi watha."

"Mwezi watha."

"Ndinkayesa ndi munthu wina. Sizinkagwirizana ndi chithunzi."

"Ndi ine zinkagwirizana," anatero bambo. "Umandiona tsiku lililonse."

Pulofesa anayang'ana pansi. Zoonadi, anawerenga za munthu wamfupi wadazi wa dzina lawo lomwelo, n'kubwerera kunyumba kudzadya tebulo limodzi ndi munthu wamfupi wadazi, koma anakhulupirira khoma.

"Nanga za mafutazi?"

"Lachinayi."

"Ndiye kuyambira Lachinayi umadziwa zonse ziwiri."

"Ndimati ndinene zonse lero. Ndimafuna ndiyambe ndi zoseketsa."

Bambo anamuyang'ana koyamba chitulukire panja. M'maso mwawo munalibe mkwiyo, ndipo Pulofesa analakalaka ukanakhalamo. Anaika nsapato ziwirizo pamodzi, kutseka kachitini ka polishi, n'kudzuka akugwira bondo.

"Kosungira mabukuko amalola aliyense, kapena mpaka digiri?"

"Aliyense, bola chiphaso. Ndikhoza kukutumizirani masamba onse pafoni, kapena ndikuwerengereni panopa."

"Ayi. Ndikufuna ndikaone dzanja la munthu amene anawaona." Anaweramira pampopi n'kusamba m'manja. "Mawa undiperekeze. Ukawauze bokosi lomwe muli mabukuwo, andikhazike pansi."

"Chabwino ababa. Zilembo zake n'zovuta pang'ono, koma ndikakhala pambali panu ndizikakuthandizani."

"Iwe ukandidikire panja," anatero bambo akupukuta manja kubuluku. "Kuwerenga ndimatha."

Analowa m'nyumba. Pulofesa anawamva akuitana mlongo wawo, mawu ali pansipansi, kenako chitseko cha pabalaza chinatsekedwa. Iye anatsala pampopi, n'kuyamba kulemba papepala nambala ya bokosi lija, kuti mawa asakawachedwetse bambo pakhomo.