Malonje Pachitunda

Mlongo wanga Fyness ndi namwino ku Mzuzu, ndipo amayankhula ngati akubaya jakisoni: mwachangu, osafunsa ngati zikupweteka. Bambo athu, a Silas, atagwa kubafa mwendo wakumanzere n'kuyamba kukoka, iye anafika ku Nkhata Bay ndi chikwama chopanda kanthu, choti alongedzemo zovala zawo.

"Ada, simungakhalenso nokha muno. Tiyeni ku Mzuzu."

Bambo anakanitsitsa kwamtuwagalu. Nyumba ija anaimanga ndi thukuta la ku Joni, ndipo amayi anamwalirira momwemo. Atakangana mpaka tiyi kuzizira, anapangana chimodzi: Loweruka tiyende tonse kanjira ka m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Chikale mpaka kugombe kumene bambo anabadwira. Bambo akakafika osakhala pansi, Fyness abwerera yekha ku Mzuzu. Akangokhala, akwera naye minibasi.

Ine ndinali ndi mantha, sindibisa. Kanjira kaja n'kankhanza, kukwera, kutsika, kukweranso, miyala yokhayokha, kumunsi madzi akumenya matanthwe. Mkazi wanga Jenny anasenza dengu la chinangwa chophika, Fyness atavala nsapato zatsopano ngati akupita kumpikisano. Bambo anali patsogolo ndi ndodo yawo, atalumitsa mano.

Pachitunda choyamba mpweya wawo unayamba kulira ngati pampu ya njinga. Mwamwayi kunatulukira mayi wina atasenza usipa.

"Timoneni, ada!" anawalonjera mayiyo m'chiyankhulo cha kwathu.

"Yewu, ama. Kunyumba kuli bwanji?"

Kwathu kuno munthu sadutsa mnzake panjira ngati mbuzi. Bambo anafunsa za ana, za mwamuna, za bwato, mpaka za nkhuku. Mayiyo naye anafunsa za mwendo. Pomatsanzikana, mpweya unali utabwerera.

Apa m'pamene ndinaitulukira nzeru yawo. Msodzi wosoka ukonde, malonje. Mkulu wa mpingo, malonje. Ngakhale mkulu wina amene sayankhulana naye bwino chifukwa cha malire a munda, tsiku limenelo analandira malonje onona.

"Ada, uku n'kubera," anadandaula Fyness.

"Ndakhala pansi ine? Kapena ukufuna anthu azinena kuti Silas wayamba mwano?"

Ndinaona kuti Fyness khutu watchera. Aliyense ankadziwa za kugwa kuja. Wina anati mwana wake ndi amene amawatungira madzi. Wina anati popita kumsika amayamba wasuzumira ngati chitseko chawo chatsegulidwa.

Chitunda chomaliza ndiye chinali chachitali, dzuwa lili paliwombo, ndipo kunalibe munthu, ngakhale galu. Bambo anakwera mpaka pakati n'kuima. Anayang'ana kutsogolo, anayang'ana kumbuyo, kufunafuna woti achite naye malonje. Pambali panali mwala wosalala bwino, wochita kukuitana kuti ukhalepo. Anauyang'ana nthawi yaitali. Mtima unandiwawa kwambiri. Ndinafuna kuwabereka, koma ndinadziwa kuti sakanandikhululukira.

Fyness anawadutsa, n'kutembenuka ngati munthu wochokera kwina. Anagwada pamiyala yosongoka ija, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Timoneni, ada. Mukuchokera kuti ndi dzuwa lonseli?"

Bambo anamuyang'anitsitsa.

"Ndikuchokera kunyumba kwanga, ama."

"Madzulo mubwerera komweko?"

"Komweko."

Fyness anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Chabwino. Nanga ana ali bwanji? Yambirani woyamba, ine sindili pachangu."