Chakudya Chopita Kutchire

Mlendo wathu ankabisa chakudya. Mayiyu, dzina lake Atija, anathawa nkhondo ku Mocímboa ndi ana ake, ndipo a komiti ya tchalitchi ndi mzikiti ndiwo anatipempha kuti timusunge. Ndinamuona ndi maso angawa akudya chinangwa pang'ono, chotsala n'kumanga m'chitenje. Masana akuti akukatola nkhuni, koma nkhuni zake zosawiritsa ngakhale tiyi.

Kuno ku Namapa tonse tikudziwa amene amakhala kutchire.

"Bambo a Tina, ifetu tikudyetsa zigawenga," ndinanong'oneza amuna anga, a Celestino.

"Ndinanena ine! Atiikira njoka m'nyumba. Ndikukaitana anyamata azikwanje amulondole."

Anyamatawo ndimawadziwa: amayamba n'kumenya, kufunsa pambuyo. Mantha ndinali nawo, koma magazi a munthu sindinawafune pamutu panga.

"Dikirani," ndinatero. "Amene anatipatsa mlendoyu abwere adzamufunse okha."

Akatekisiti a Valentim anafika limodzi ndi Shehe Abudo. Amuna anga sanawapatse ndi mpando womwe.

"Ashehe, si anzanu opemphera nawo amenewa? Muwaikira kumbuyo basi."

"Achimwene, mzikiti wa kwawo kwa mkazi wanga anautentha ndi anthu omwewo," anayankha ashehe. "Kukapezeka chigawenga, ndikachipereka kuboma ndine. Koma tiyeni tikaone kaye."

Ashehe atamufunsa m'chinenero chakwawo, Atija analira mpaka kugwa pansi. Kenako anatitsogolera kuseri kwa minda ya chinangwa, pakamsasa kolondereramo anyani. M'katimo munagona bambo wowonda, phazi litatupa ndi bala lonunkha. Anali Bacar, mwamuna wake, msodzi.

"Chitupa changa chinapsera m'nyumba," anatero Bacar, ashehe akumasulira. "Mwamuna wa ku Mocímboa wopanda chitupa, angamukhulupirire ndani? Ndinati bola ndifere kuno, ana anga asaone ndikumenyedwa."

Chisoni chinandigwira, koma kukayika sikunandichoke. "Nanga ife tidziwa bwanji kuti akunena zoona?"

"Mwafunsa bwino, mayi," anatero akatekisiti. "Koma woyankha si chikwanje. Kuli ofesi yolembetsa othawa nkhondo, ndiyo imafufuza. Timuperekeza tonse awiri, ine ndi ashehe, kuti pasapezeke womugwira panjira."

Amuna anga anayang'anitsitsa phazilo. Kenako anapita kukatenga njinga.

Kuchipatala namwino anati tikanachedwa pang'ono, mwendowo akanaudula. Kuofesi anamufunsa mafunso ambirimbiri. Lachisanu ashehe analengeza kumzikiti, Lamulungu akatekisiti analengeza kutchalitchi, kuti aliyense womudziwa Bacar akaonekere. Kunapezeka anthu akwawo m'magulu onse awiri. Gogo wina wa Chikatolika anati, "Uyu ndi amene anationjola pangalawa yake tsiku limene mudzi unapsa."

Bacar analandira chitupa chatsopano. Lero akuyenda, motsimphina pang'ono, ndipo amasoka maukonde a asodzi a kumtsinje wa Lúrio. Chimene chinatidabwitsa n'choti sabata yotsatira amuna ena awiri anatuluka m'minda, nawonso akazi awo ankawabisa.

Anzanga, kukayika si tchimo, nthawi zino n'zoopsa. Koma mukakayikira mlendo, musaitane gulu. Pitani kwa atsogoleri a zipembedzo ndi a boma, afufuze poyera. Tikanathamangira zikwanje, tikanapha munthu amene anapulumutsa anzake.