Katungwe wa Foni

"Kanthu ako ukataye, Yichuan. Ndikunena lero, mawa sindibwerezanso."

Ananena zimenezi ndi Shao Wenqin, wamkulu pa ophunzira onse a ku China amene anatsalira m'nyumba yogona ophunzira ku Aberdeen, mzinda wa azungu wa m'mbali mwa nyanja, chaka cha mliri. Anakumana pamakwerero, aliyense masiki kukamwa, Teng Yichuan atakumbatira kabokosi kongofika kumene. Chithunzi cha pabokosipo ndicho chinamuulula. Kanali kakatungwe kamagetsi, koikapo foni kuti izigwedezeka yokha n'kumawerenga mapazi ngati mwini wake akuyenda.

"N'choseweretsa ichi, achemwali. Ndikungofuna kumukhaulitsa mnzathu Gao. Tsiku lililonse ali pamwamba, n'kumatitumizira chithunzi cha nsapato zake zonunkhazo."

"Nambala ya mapazi ija si mpikisano. Ukainamiza, tsiku limene udzagwe tidzadutsa pakhomo pako tikuseka."

"Ndigwa nacho chiyani ine? Onani masayawa."

"Enanso anali ndi masaya," anatero Shao, n'kutsika.

Ana amaseka akamachenjezedwa. Amaseka ndithu, ndipo wowachenjezayo amaoneka ngati wamisala.

Pangano lawo linali lotere. Sukulu inali itatseka zitseko, maphunziro onse pa kompyuta, ndege zopita kwawo zosowa ngati mano a nkhuku. Lamulo linkalola munthu kutuluka kukawongola miyendo, koma osati m'chigulu. Mtsikana wina atadwala mutu chifukwa chokhala yekha m'chipinda, Shao anasonkhanitsa onse khumi ndi anayi pa foni n'kuika lamulo lake: aliyense aziyenda mapazi osachepera zikwi zitatu patsiku. Mafoni awo ankaonetsana manambala. Wotsika masiku awiri otsatizana ankamugogodera, n'kumudikira pakhomo mpaka atavala nsapato.

Yichuan poyamba ankayenda. Ankatsika msewu mpaka kunyanja, mphepo ikumucheka makutu, n'kubwerako njala itamugwira bwino. Koma tsiku lina masana galimoto inachepetsa liwiro pambali pake. Munthu anatulutsa mutu pawindo n'kumuuza kuti abwerere kwawo ndi matenda ake, kenako chitini cha mowa chinamumenya paphewa. Mowawo unayenderera mpaka m'khosi mwa jekete. Mayi wina amene anali ndi galu anaona zonse, n'kuwolokera tsidya lina la msewu.

Sanauze munthu. Anachapa jeketeyo katatu, madzulo ake n'kuitanitsa katungwe.

Tsiku lotsatira kukumana kwa pamakwerero kuja, Yichuan anaika katungweko m'bini, n'kujambula, n'kutumiza chithunzi kwa Shao. Kenako anakatulutsa, n'kukapukuta ndi malaya.

Mwana wanzeru akafuna kudzipweteka amachita mwanzeru. Sankakasiya kuti kagwedezeke tsiku lonse ayi. Lolemba ankakazimitsa pa zikwi zisanu ndi chimodzi, Lachiwiri pa zikwi zinayi ngati munthu wotopa, Loweruka n'kukafikitsa pa zisanu ndi zinayi. Ankayang'ana pawindo, mvula ikagwa n'kuchepetsa. Anadziuza kuti ndi za sabata imodzi, mpaka mtima ukhale pansi.

Amayi ake kwawo ku Tianshui ankaionanso nambalayo.

"Mwanawe, kuyenda konseku ukupita kuti? Anthu akufa kumeneko, taona pa TV."

Atate ake anayankhira chapatali, pakamwa pali chakudya. "Musiye mwana aziyenda. Wokhala pansi ndiye amadwala."

"Chabwino, koma masiki uzivala awiri. Ukudya?"

"Ndikudya, Amayi."

"Tayatsa kamera ndikuone."

"Netiweki yavuta lero."

Dzuwa la Januwale ku Aberdeen limatuluka munthu atatopa kulidikira, ndipo mpunga wa masana usanatsike m'mimba lalowa kale. Yichuan anasiya kutsegula makatani chifukwa panalibe choona. Anasiya kusamba m'mawa, kenako anasiya kusamba. Pa kompyuta aphunzitsi ankayankhula, iye n'kumangoona milomo yawo. Tsamba limodzi ankaliwerenga kasanu osatolapo kanthu. Kalata yomufunsa za ntchito yake yomaliza, imene inayenera kumupatsa digiri, inakhala yosatsegula, ndipo inabwera inzake, ndi inzake. Chipindacho chinali mapazi anayi kuchoka pabedi kukafika kuchitseko. Ngakhale anayi amenewo anayamba kutalika.

Musamati munthu wagona, akupuma. Pali kugona kwina kumene kumadya munthu ngati chiswe, kunja mtengo uli bwinobwino.

Kumayambiriro kwa Febuluwale Shao anayamba kutsokomola. Anamupeza ndi matendawo, n'kumutsekera m'chipinda chake masiku khumi. Ntchito yogogoda inatsala m'manja mwa Gao Zhenhai, wansapato uja, mnyamata wabwino mtima koma wokhulupirira nambala kuposa maso ake.

Lachinayi lina cha m'ma teni m'mawa, Yichuan ali chigonere, anamva mapazi m'khonde. Anali Gao ndi mnzake wina. Anayang'ana mbale zouma pansi, zovala zili mbwee, ndipo anachita mantha kuti agogoda. Kenako anazindikira kuti chimene akufuna ndi chomwecho.

Anagogoda chitseko choyandikana nacho, cha mtsikana wotchedwa Ruolan.

"Ruolan, dzuka iwe. Mapazi mazana awiri? Ngakhale nkhunda yolumala ya pabwalo ija yakuposa."

"Ndisiyeni, kukuzizira."

"Kukuzizira kwa tonse. Tili pano mpaka utuluke. Ndabwera ndi nyimbo zanga, ukudziwa mmene ndimaimbira."

"Usayambe, Gao, chonde. Ndikuvala."

Anamva mtsikanayo akuseka, kuseka kwa munthu amene amalira posachedwa. Anamva chitseko chikutseguka. Mapazi a atatuwo anafika pakhomo pake n'kuima.

"Nanga awa?"

"Awa asiye, ndi akatswiri. Dzulo zikwi zisanu ndi zitatu. Pano ali kale pa zitatu, akhala ali kunyanja. Aise Yichuan, ukatitengereko nsomba."

Gao anamenya chitseko kamodzi ndi chikhatho, mwamasewera, n'kumapita.

Katungwe kanali pa tebulo, mkono umodzi kuchoka pabedi, kakuti tswi, tswi, tswi. Chofunika chinali kungotambasula dzanja n'kukazimitsa. Masiku awiri okha nambala ili pansi, Gao akanabwera ndi nyimbo zake zoipazo. Kapena kungotsegula pakamwa n'kunena kuti ndili muno. Yichuan anatsegula pakamwa. Anaganiza za nkhope ya Shao, za chithunzi cha bini chija, za amayi ake amene akanaona nambala itagwa n'kuyamba kuimba usana wonse, za atate ake amene ankauza anzawo kuti mwana wawo ndi wolimba. Anatsekanso pakamwa. Chitseko cha kumakwerero chinatsekeka, m'khonde munati zii.

Analira mpaka pilo kunyowa. Atatha, anadzuka n'kuonetsetsa kuti chingwe cha foni chalumikizidwa bwino, kuti isazime.

Manyazi ndi oopsa kuposa mliri. Mliri anthu amauthawa, koma manyazi munthu amawafunda ngati bulangete.

Mpunga unalipo thumba lathunthu pakona, koma kuutsuka inali ntchito yoposa mphamvu zake. Anadya mabisiketi mpaka anatha. Kenako ankangomwa madzi a pampopi, akakumbuka. Mauthenga a amayi ake ankawayankha ndi mawu amodzi, mpaka anasiya, poti kuyankha kunkafuna kuchotsa foni pa katungwe. Sankadziwanso tsiku. Ankangomva kuti akanapanda kubadwa aliyense akanapepukidwa.

M'mawa wina anakayatsa katungwe monga mwa masiku onse, n'kubwerera pabedi. Nthawi yokazimitsa itakwana anakayang'ana, koma dzanja silinanyamuke. Kanagwedezeka tsiku lonse, ndi lotsatira lake, osapuma.

Foni inkawala patebulo, mauthenga akulowa, ndipo iye ankawaona akupita uku ndi uku. Wa Gao unati: "Zikwi makumi asanu ndi limodzi? Aise, ukupita kwanu wapansi? Ukafika utipatsire moni." Ena anatumiza tizithunzi ta m'manja. Wa amayi ake unati: "Mwanawe, miyendo ithyoka. Ndiyankhe."

Linali tsiku lachitatu katungwe kasanazime pamene Shao anatuluka m'chipinda chake, akadali wofooka, n'kuiona nambalayo bwinobwino. Yichuan anamva mawu ake m'khonde, osasa, osakweza.

"Gao, wamuona liti ndi maso ako?"

"Achemwali, nambala yake..."

"Ndafunsa za maso."

"Chisanafike chaka chatsopano, mwina."

"Kaitane mwini makiyi. Thamanga, poti kuthamanga umakutha."

Atatsegula, fungo linawabweza m'mbuyo. Anamupeza pansi, pakati pa bedi ndi chitseko, pa phazi lachiwiri la mapazi anayi aja. Milomo inali itang'ambika, mafupa a m'chiuno akuonekera pa thalauza. Maso anali otsegula. Shao anagwada n'kumuitana dzina katatu. Iye anayang'ana kudutsa phewa la mtsikanayo, patebulo, n'kunong'ona kuti asakazimitse, Amayi aona.

Gao ndiye anazula chingwe. Kuyambira pamenepo sanatumizenso chithunzi cha nsapato.

Yichuan anakhala m'chipatala milungu isanu ndi iwiri. Thupi linabwerera msanga, koma mwini wake sanabwerere yense. Digiri inatsala komweko. Ndege itapezeka anamukweza, Shao atamulembera papepala zonse zoyenera kuchita pa njira ngati mwana wa sitandade wani.

Pano ali ku Tianshui, m'chipinda chimene anakuliramo. M'mawa uliwonse amayi ake amamuveka jekete n'kumugwira pamkono, n'kutsika naye pabwalo pamene nkhalamba zimawongola mafupa. Kuchoka pamakwerero kukafika pageti pali mapazi makumi anayi ndi awiri. Amayi ake amawerenga okha, ndi pakamwa, foni ataisiya m'nyumba. Akafika pageti, galimoto ikangodutsa, Yichuan amaima n'kugwira phewa lake. Kenako amatembenuka, ndipo amabwerera.